Ndidawakhazika pa Benchi Limodzi

Udindo wa ulangizi wa achinyamata sindidaupemphe. Adandisankha tsiku limene ndidajomba ku msonkhano wa mphakati wa ku tchalitchi kwathu chifukwa ndinali kusoka fodya, ndipo pamene nkhani imandipeza anthu anali atawomba kale m'manja. Kwathu kuno, m'mapiri a njira ya ku Kasakula, ukafuna kupulumuka udindo wa ku tchalitchi usamajombe. Akuti adandiona kuti ndine wolimba mtima. Chilungamo chake ndi chakuti ndine wa mkamwa, ndipo amayi anzanga adafuna kuti pakamwa pangapa pazithera pa ana, iwo apumeko.

Ntchito yanga yaikulu inali yoleretsa mikangano. Achinyamata a pa tchalitchi amajomphana ngati nkhuku za khola limodzi. Uyu wabwereka yunifolomu ya kwaya n'kuibweza itapsa ndi simbi, uyo wanena mnzake kuti amaimba ngati akutsokomola, anyamata alimbirana ng'oma. Ine ndinali ndi njira yanga imodzi, yomwe ndidaitengera kwa akuluakulu a mpingo amene adatilera. Kuseri kwa tchalitchi kunali benchi la thabwa limodzi. Okangana onse awiri ndinkawakhazika pamenepo, aliyense anene mbali yake, kenako agwirane chanza, kenako tipemphere Atate Athu, ndipo tikafika pa mawu a kukhululukirana paja ndinkakweza mawu kuti alowe bwino. Zinkatheka ndithu. Ana adayamba kunditcha a jaji, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Mphunzitsi wathu wa kwaya anali bambo wa banja lake, wa ana asanu, wa nsapato zowala ngakhale m'nyengo ya matope. Akuti ukaipa dziwa nyimbo, ndipo iyeyu nyimbo ankazidziwadi. Chifukwa cha iye kanthambi kathu ka kumapiri kadagonjetsa kwaya ya ku parishi kawiri pa mpikisano, moti akuluakulu ankamupatsa mpando wa khushoni pa misonkhano pomwe ife tili pa njerwa. Chigafa chake cha fodya chinali pafupi ndi tchalitchi. Akaweruka ku pulakatisi Loweruka masana, ankatsalitsa mtsikana mmodzi kuti akamukonze mawu ku chigafako, poti m'tchalitchi mumachita phokoso la malata. Tonse tinkadziwa zimenezi, ndipo tinkamuyamikira kuti ndi munthu wodzipereka.

Mwana amene ndikufuna kunena anali wa zaka khumi ndi zinayi, wa sitandade eyiti, woonda, wa mawu okwera amene ankaimitsa amayi pa mjigo. Adandiuza tsiku limene tinkathothola mtedza m'munda wa achinyamata. Anzake atapita kukamwa madzi, iye adasendera pafupi ndi ine.

"Amayi, ine ndifuna ndisiye kwaya."

"Usiye kwaya iwe? Nanga mpikisano atiimbira ndani?"

Adafinya mtedza umodzi mpaka udasweka. Kenako adanena, maso ali pansi, kuti ku chigafa kuja aphunzitsi sakonza mawu. Adanena zimene amamuchita. Sindizilemba pano, koma adazinena momveka, mwakuti munthu aliyense wa makutu sakadafunsanso kachiwiri. Adamaliza ndi kundipempha kuti aphunzitsiwo asadziwe kuti wandiuza.

Loweruka lotsatira ndidawaitana onse awiri kuseri kwa tchalitchi. Ndidawakhazika pa benchi lija, wina uku wina uku, pakati pawo malo osakwana kuikapo lichero. Ndidauza mwanayo kuti abwereze zimene adandiuza. Sadathe. Adangoti "ku chigafa" n'kutsamwa. Bamboyo adaseka kaseko kachifundo, napukusa mutu.

"Amayi, mwachita bwino kutiitana. Mwanayu sadamvetse. Pophunzitsa kapumidwe timagwira pamimba, kuti mpweya uzichokera pansi. Mukafunse aliyense wodziwa nyimbo. Koma ana a masiku ano, ndi mafoni awa, mitu yawo imathamangira kwina."

Ndidamva kupepuka, sindinama. Ndidafuna kuti zikhale choncho, chifukwa zikadakhala zina sindikadadziwa kolowera nazo. Ndidauza bamboyo kuti azisamala, ndidauza mwanayo kuti asamaganizire akulu zoipa, kenako ndidati agwirane chanza. Mwanayo adabisa manja m'khwapa. Ine, ndi dzanja langa ili, ndidagwira mkono wake, kuukoka, n'kuuika m'dzanja la munthu uja. Unali wozizira. Tidapemphera, ndidakweza mawu pamalo paja, ndipo ndidapita kunyumba ndikudziyamikira kuti nkhani yovuta ndaithetsa popanda kuchititsa mpingo manyazi.

Patapita milungu ingapo mwana uja adasiya kwaya, kenako adasiya kubwera ku gulu. Tikakumana panjira ankapatuka kulowa m'tchire. Amayi ake adamukwapula chifukwa chojomba ku tchalitchi, ndipo anthu adayamba kunena kuti wayamba mwano, mwina wapeza kamnyamata. Ine ndinkangoti ndi msinkhu.

M'mwezi wa Ogasiti kudabwera kalata yoitana alangizi onse a achinyamata ku maphunziro a masiku atatu ku parishi. Ambiri tidapitira tiyi wamkaka, tisanamizane. Wophunzitsa anali mayi wina wamfupi wa magalasi, wochokera ku ofesi yoona za chitetezo cha ana, wolankhula motsitsa moti tinkachita kutchera khutu. Tsiku lachiwiri adafunsa funso.

"Mwana wakuuzani kuti munthu wamkulu wa mumpingo akumuchita zachipongwe. Choyamba muchita chiyani?"

Dzanja loyamba kukwera linali langa. Ndidaimirira, kukonza chitenje, n'kufotokoza njira yanga yonse, benchi, chanza, pemphero. Ndidawonjeza kuti nkhani yotere ndidaiweruzapo kale ndipo idatha bwino. Anzanga adavomereza ndi mitu, bambo wina wa ku Malomo adawomba m'manja. Mayi uja sadawombe. Adavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mayi, mwanayo alipobe pa gulu lanu?"

"Adasiya."

"Nanga bamboyo?"

"Alipo."

"Ndiye amene adapindula pa benchi lanulo ndani?"

Ndidakhala pansi. Mayi uja sadandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akadandikalipira, chifukwa pa kukalipirana palibe amene amandiposa. Adangofotokoza pang'onopang'ono kuti benchi ndi la anthu ofanana mphamvu amene alakwirana. Mwana ndi munthu wamkulu amene akumugwiririra sadakangane, pali wolakwa mmodzi ndi wolakwiridwa mmodzi, ndipo umenewo ndi mlandu wa boma. Adati mwana akalimba mtima n'kuulula, umamukhulupirira kaye, umamuuza kuti kulakwa si kwake, sumufunsa mafunso ngati wapolisi, ndipo sulonjeza kubisa, koma umamuuza amene ukawauze ndi chifukwa chake. Kwa wochita zoipayo supitako n'komwe. Umapita ku chipatala, ku polisi, kwa oona za ana, ndipo tsiku lomwelo munthuyo asapezekenso pafupi ndi ana. Adati tikawakhazika pamodzi, mwana amaphunzira kuti kuulula ndi kudzigulitsa, wamkuluyo amaphunzira kuti palibe chomwe chingamuchitikire.

Tiyi wa masana amenewo sindidamwe. Ndidapita kukakhala ndekha kuseri kwa makalasi. Manyazi atatha, chomwe chidatsala ndi mkwiyo, ndipo mpaka lero sudachoke. Munthu uja adandigwiritsa ntchito ngati khasu lake. Adandiyang'ana m'maso, nanditcha amayi, n'kundiseka mumtima.

Ndidabwerera kumudzi ndi maganizo oipa, ndipo ndiwanena. Ndidaganiza zotentha chigafa chake. Ndidaganiza zomudikirira pa mlatho ndi musi. Chomwe ndidachitadi ndi kupita ku dambo ndi pepala la shuga, n'kukolola chitedze chodzaza bwino, kuti ndikachithire m'mkanjo wake woimbitsira umene unkakhala pa msomali m'tchalitchi. Ndinkafuna adzikande pamaso pa mpingo wonse mpaka avule. Pepalalo lidakhala pa denga la khitchini masiku awiri. Chidandiletsa si chifundo. Ndidaona kuti ndikatero iye asanduka wolakwiridwa, akuluakulu atiitana tonse awiri, ndipo ine ndi amene ndikapepese. Chitedze chimayabwa tsiku limodzi, ine ndinkafuna chinthu choti chimuyabwe zaka.

Ndidapita kwa mwana uja. Ndidamupeza akupeta chimanga pakhomo, amayi ake ali ku dimba. Atandiona adafuna kulowa m'nyumba. Ndidakhala pansi pa dothi, osadikira mphasa.

"Ndabwera kudzapepesa. Udandiuza zoona, ine ndidakulakwira."

Adapitiriza kupeta.

"Kulakwa sikudali kwako. Ndikufuna tipite nayo ku boma nkhaniyi, ngati ungalole. Amayi ako tiwauze. Sindichitanso kanthu kumbali osakuuza."

"Ndidakuuzani kuti asadziwe," adatero. "Mudatani?"

Kenako adandiuza chimene chidachitika titachoka pa benchi paja. Loweruka lotsatira bamboyo adamutsalitsanso, ndipo adamuuza kuti, waona, ngakhale a jaji ako ali mbali yanga, ukanenanso kwa ndani? Zidapitirira mpaka tsiku limene adasiya kwaya. Adazinena mopanda misozi, ngati akunena za mwana wa kumudzi wina. Ine ndi amene ndidalira, ndipo iye adandiyang'ana ngati ndikumutayitsa nthawi.

Tsiku limenelo adakana kupita ku boma. Pobwerera ndidadzera ku tchalitchi, ndidasenza benchi lija pamutu mpaka kunyumba, ndidaliwaza ndi nkhwangwa n'kuphikira nyemba. Akatekisiti atafunsa ndidawauza kuti lidadyedwa ndi chiswe.

Mwana uja adabwera yekha patatha masiku anayi. Adaima pa mpanda, osalowa.

"Mng'ono wanga walowa kwaya. Dzulo amuuza kuti ali ndi mawu abwino ofunika kukonza. Tipite. Koma sindikupitira inu."

Kuwauza amayi ake idali ntchito ina. Mayiyo adakhala pansi, nayang'ana dzanja limene adakwapulira mwana wake. Tidakwera njinga zamoto ziwiri mpaka ku Ntchisi boma, fumbi lili thoo. Ku chipatala adamuona, ku polisi adamulowetsa m'chipinda ndi wapolisi wamkazi, ine adandisiya panja, ndipo adachita bwino. Atandiitana kuti ndipereke mbali yanga ndidanena zonse, ndi za benchi zomwe. Wapolisi wolembayo adaimitsa cholembera n'kundiyang'ana, ine ndidati lembani, ndi mmene zidalili.

Nkhani ya kumudzi siyenda pansi. Tisanafike n'komwe, atcheya a tchalitchi anali atamva. Adandiitanitsa ku komiti mawa lake, amuna asanu ndi amayi awiri, onse nkhope zili ngati pa maliro.

"Mayi, mwafulumira," adatero atcheya. "Nkhani ya m'nyumba timakambira m'nyumba. Munthuyu ndi mnzathu, ali ndi banja. Akadapereka mbuzi kwa makolo, tikadawayanjanitsa, zikadatha. Komanso mpikisano watsala milungu itatu. Simukadadikira kuti udutse?"

"Atcheya, muli ndi mdzukulu wamkazi mu kwaya, eti?"

"Alimo."

"Mbuzi yake mwakonza khola? Kapena inu mudzafuna ng'ombe?"

Adadzuka kuti andimenye, akatekisiti adawagwira. Mayi wina adati ndikuwononga mbiri ya mpingo. Ndidamuyankha kuti mbiri ya mpingo idawonongekera ku chigafa, ine ndangotsegula chitseko. Ndidawauzanso kuti kuyanjanitsa ndidayesa kale ine, ndipo zotsatira zake ndikuzidziwa kuposa aliyense wa iwo. Bambo mfumu ndidawaimbira foni ndekha, komiti isanawakonzere nkhani. Iwo sadazengereze, adalamula kuti munthuyo asayandikirenso ana, koma uthengawo atcheya adaukhalira, akuti adikire Lamulungu.

Apolisi atandiimbira kufunsa komwe angamupeze, ndikadatha kuwauza kuti apite kunyumba kwake m'mamawa, akamutenge mwakachetechete. Sindidatero. Ndidawauza kuti munthuyo ndi woyendayenda, koma Loweruka cha m'ma thuu koloko sasowa pa tchalitchi. Mng'ono wa mwana uja tidamutumiza kwa azakhali ake kuti asaone. Ine ndidavala chitenje changa chatsopano, n'kukakhala pa mpando wakutsogolo ngati ndabwera kudzamvera nyimbo.

Apolisi adalowa ali awiri nyimbo ili pakati. Bamboyo anali atapereka msana kukhomo, manja onse ali m'mwamba, akukweza mawu a atsikana. Ana adayamba kusiya mmodzimmodzi, iye n'kumakalipa kuti mwatani, mpaka adatembenuka. Manja aja adatsika okha. Pomutulutsa adadutsa pafupi ndi ine, ndipo adati, "Amayi, si tidakambirana?" Ndidamuyankha kuti eya, tsopano mukakambirane ndi a jaji enieni. Ndidamuperekeza ndi maso mpaka galimoto idakhota pa phiri, ndipo ndidasangalala. Anthu amayembekeza kuti ndinene kuti ndidamva chisoni. Sindidamve.

Atangomangidwa, atsikana ena awiri adaulula. Mmodzi anali atakwatiwa kale, ali ndi mwana kumsana, ndipo adandiuza kuti adamva za benchi lija nthawi imeneyo n'kuganiza zongokhala chete. Ku khoti ndidapita tsiku lililonse limene mlandu udalowa, ngakhale mvula itayamba ndipo msewu utasanduka phala. Tsiku lina ndidayenda wapansi theka la njira, nsapato zili m'manja. Ndinkafuna munthu uja akatembenuka azindiona. Mwana uja adapereka umboni wake kuchipinda, ndipo akuti sadatsamwe. Bamboyo adamupeza wolakwa, adamupatsa zaka zambiri, zokwanira kuti nsapato zija zichite nkhungu.

Mpikisano tidaluza, tidakhala omaliza. Alipo mpaka lero amene amati ndidapha kwaya, ndipo akanena ndimawafunsa ngati akufuna ndiwaimbire. Mkazi wa munthu uja sandipatsa moni. Iyeyo ndimamumvera chisoni, sadalakwe kanthu, ndipo chaka cha njala ndidamutumizira chimanga kudzera kwa munthu wina. Atcheya adagwa pa chisankho chotsatira, ndipo ndivomere kuti ndidayenda khomo ndi khomo kuti agwe. Pa gulu lathu tsopano palibe wamkulu amene amatsala ndi mwana yekha, kaya ndi wa kwaya, kaya ndi katekisiti, kaya ndi ine. Pulakatisi imachitika zitseko zili zotsekula, mayi mmodzi atakhala pakhomo ndi zoluka zake. Alangizi atsopano akabwera ndimawafotokozera ndekha zimene ndidachita, osachotsapo kanthu, ndipo ndimawayang'ana m'maso kuti ndione amene akuvomereza ndi mutu pamalo polakwika.

Ku kulapa ndidakanena za chitedze ndi za benchi la mpingo limene ndidaphikira nyemba. Bambo mfumu adafunsa ngati munthu uja ndidamukhululukira. Ndidati ayi. Adati ndiyesetse. Ndidati ndamva, ndidzabweranso. Papita zaka, ndipo nthawi zonse tikafika pamenepo timangoyang'anana. Mlandu suola, ndipo tsiku limene adzatuluke adzandipeza ndili moyo, ndikudziwa mudzi uliwonse umene uli ndi kwaya kuyambira kuno mpaka ku Dowa.

Koma chimene ndinkachifuna kwenikweni si ndende yake. Ndinkafuna mwana uja adzandiyang'anenso mmene adandiyang'anira m'munda wa mtedza, asanadziwe kuti ndine wotani. Ndidayesa. Ndidamugulira makope, adalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Ndidamuitana ku gulu, adati ali ndi zowerenga. Kuimba sadayambirenso, ngakhale pa mjigo. Adamaliza sukulu, adaphunzira kusoka, ndipo pano ali ndi makina ake pa khonde la sitolo ina. Amandipatsa ulemu wonse woyenera mayi wamkulu, osapitirira pamenepo.

Chaka chatha, m'mawa wina ndikusesa pakhomo, ndidamuona akutsika njira ya kumtunda atagwira dzanja kamtsikana ka zaka ngati khumi, ka m'mudzi mwathu momwemo, kamene kamakhala ndi bambo womupeza. Kamwanako kanali kotupa maso. Onse awiri anali atavala zapaulendo. Ndidadziwa nthawi yomweyo, chifukwa mayendedwe amenewo ndidawaonapo. Njira yopita pa siteji imadutsa pa mpanda wanga penipeni. Ndine mlangizi wa achinyamata, ndidaphunzira, manambala onse a ku boma ali m'foni mwanga, ndipo iye akudziwa zonsezi. Ndidatsamiritsa tsache pa mpanda n'kupukuta manja, kukonzeka.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" adatero.

"Ndadzuka, kaya iwe? Kuli bwino?"

"Kuli bwino."

Adakakokera kamwanako mbali ina, kuti iye akhale pakati pa ine ndi iko, ndipo adapitirira. Madzulo ake ndidamva kuti adapita nako yekha mpaka ku boma, adachita zonse m'dongosolo lake, ndipo bambo womupeza uja apolisi adamutenga tsiku lomwelo. Palibe chimene adalakwitsa. Ndikadakhala iyeyo, ndili ndi mwana wa eni m'manja, nanenso pakhomo panga sindikadaima.